Galanti siiwoloka nyanja

Pali malonjezo ena amene munthu ukawamva koyamba umayamba waseka, kenako n'kufunsa ngati wolonjezayo mutu wake ukuyenda bwino. Limodzi mwa malonjezo oterewa ndi limene kampani ya masitolo ya Sears idakhala ikupereka kwa anthu a kuno ku America, kwa zaka zambirimbiri, pa zida zake za dzina la Craftsman. Lonjezolo lidali lakuti sipanala, pulayala kapena sikuludilaiva ikathyoka, kaya patha chaka chimodzi, kaya patha zaka 30, ubwere nayo kusitolo ndipo akupatsa ina ulere. Lisiti sankafunsa. Za amene adaigula sankafunsanso. Ngakhale utaitola pamsewu kapena kuilandira ngati chuma chamasiye cha agogo ako, bola dzina likuwerengeka pachitsulopo, nkhani idali yomweyo.

Akuluakulu adati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, potichenjeza kuti pakamwa pasamathamange. Komatu eni Sears sadali ogona. Ankadziwa zinthu ziwiri. Choyamba, chitsulo chawo chidali chabwino, kotero kuti pa masipanala ankhaninkhani amene ankagulitsa, obwerera adali ochepa. Chachiwiri, munthu wobwera kudzasinthitsa kasikuludilaiva satuluka chimanjamanja ayi: aona sowo, aona penti, mayi akunyumba aona firiji. Tsono galanti ija, monga timaitchulira kwathu, idali nyambo ndithu, koma nyambo yopanda mbedza. Wogula ankapindula, wogulitsa ankapindula, ndipo bambo ankauza mwana wake kuti ukadzayamba kulandira malipiro, zida zako ukagule kumeneko.

Ine ndakhala m'dziko lino, m'chigawo cha Indiana, kwa zaka zoposa 15 tsopano, ndipo ntchito imene imandidyetsa ndi yokonza zowonongeka m'nyumba za lendi: mipope yodontha, zitseko zokana kutseka, mbaula, makina ochapira zovala. Munda wanga ndi bokosi la zida. Choncho nkhani ya dzina limeneli, mmene lidakwerera, mmene lidagulitsidwira ndi zimene zidatsatira, kwa ine ndi nkhani ya zala zanga. Ndipo ndikuona kuti ikukhudza aliyense wa inu amene mudaimapo m'sitolo ya hadiweya mutanyamula masipanala awiri, wodula ndi wotchipa, osadziwa kuti mukhulupirire dzina, mtengo kapena pakamwa pa wogulitsa.

Dzinali lidayamba mu 1927. Mkulu woyang'anira mbali ya zida ku Sears, a Arthur Barrows, adaligula kwa kampani ina ya Marion-Craftsman Tool Company pa mtengo wa madola 500 okha. Tamvani bwino pamenepa, abale anga: adagula dzina, fakitale ayi. Chiyambire, Craftsman lidali dzina lodindidwa pa zida zosulidwa ndi anthu ena. Sears inkapita kwa osula odziwa ntchito yawo, n'kuwauza mtundu wa chida chimene ikufuna, iwo n'kusula n'kudindapo dzinalo. Masipanala ndi masoketi ambiri ankachokera ku Moore Drop Forging ya ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts, imene pambuyo pake idalowa m'manja mwa Easco, kenako Danaher mu 1990. Masikuludilaiva, mapulayala ndi matchizulo ankasulidwa ndi Western Forge ya ku Colorado Springs. Osulawa ankasiya kachizindikiro kawo pambali pa dzina lalikulu lija: chilembo cha V pa zochokera ku Moore, ndi WF pa za Western Forge.

Kuti timvetse chimene anthu ankagula kwenikweni, tiyeni tilowe m'chipala pang'ono. Amene mudaonapo wosula makasu kumudzi akupopa mvukuto, theka la nkhaniyi mukulidziwa kale. Sipanala yabwino imayamba ngati mtanda wa chitsulo chosakanizidwa ndi chromium ndi vanadium pang'ono. Amachiwotcha mpaka kufiira psu, pa moto wopitirira madigiri 1,000, ndipo chinyundo cholemera chimachiphwanyira m'chikombole. Akatero amadula zotsalira m'mbali n'kusema kukamwa kwake molingana ndi saizi ya bawuti. Kenako pamabwera ntchito imene diso la wogula siliona: kuchiwotchanso, kuchiviika m'mafuta kuti chiume gwa, n'kuchitenthetsanso pang'ono kuti kuumako kusapyole muyeso. Pomaliza penipeni ndi pamene amachipukuta ndi kuchikuta kuti chinyezimire.

Pakuwotcha ndi kuviika paja ndi pamene pagona moyo wa chida. Chikauma mopitirira chimathyoka ngati botolo, ndipo dzanja lako limakamenya injini. Chikafewa, kukamwa kumayasama, sipanala n'kuyamba kuterereka, n'kudya makona a bawuti mpaka mutu wake kusanduka wozungulira ngati khobidi. Aliyense amene adagonapo kunsi kwa galimoto akudziwa kuti bawuti yodyeka mutu imasandutsa ntchito ya mphindi khumi kukhala ya tsiku lathunthu. Wosula wothamangira phindu amabisa kufooka kwa chitsulo pochinenepetsa, ndiye sipanala imalimba ndithu koma imakana kulowa pamalo opanikizika. Kunyezimira kokha ndiye aliyense angathe. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zinthu zidayamba kusintha dzinali lisadagulitsidwe n'komwe, ndipo ichi ambiri amachiiwala. Mu 2005 Sears idaphatikizana ndi masitolo a Kmart pansi pa mpondamatiki wina, a Eddie Lampert, ndipo malonda adayamba kulowa pansi chaka ndi chaka. Kuyambira cha m'ma 2010, masipanala, masoketi ndi ma ratchet, aja timakokera uku ndi uku akulira kuti kete kete popanda kuwachotsa pabawuti, adayamba kuchokera ku China ndi ku Taiwan. Mawu oti Forged in U.S.A. adazimirira mwakachetechete pazitsulozo. Dzina lidali lomwelo, galanti yomweyo, koma amisiri adayamba kung'ung'udza kuti masipanala atsopanowo adali onenepa kukamwa, mpaka adawapatsa dzina lachipongwe lowafanizira ndi zala za nkhanu.

Apa ndi pamene galanti idaonetsa malire ake. Munthu ankabwera ndi sipanala ya bambo ake, yosulidwa ku Massachusetts, n'kutuluka ndi ina yosulidwa kutsidya kwa nyanja ndi anthu amene sakuwadziwa. Papepala lonjezo lakwaniritsidwa, palibe wanama. Koma chimene wasiya ndi chimene watenga zikufanana dzina lokha. Mkulu wina wopuma ntchito ya umakaniko, amene ndimakamukonzera mipope, adandionetsa ratchet yake yakale yothothoka mano, ya dzina lina limenenso lidasintha eni. Amaisunga m'kabati ngati ndalama. Ndidati, "Nanga bambo, osakasinthitsa bwanji poti galanti ilipo?" Iye adapukusa mutu. "Mwana wanga, akandipatsa yatsopano, iyi atenga. Bola ndifunefune mano ake ndiikemo ndekha." Munthu kukana chinthu chaulere, ndiye kuti pali chimene akudziwa.

Kenako padadza kugulitsa. Mu Januwale 2017 Sears, ngongole zitaifika m'khosi, idalengeza kuti dzina la Craftsman lipita kwa Stanley Black & Decker, chimphona cha zida chochokera ku New Britain m'chigawo cha Connecticut, ndipo pofika Malichi zonse zidatheka. Mtengo wake udali pafupifupi madola 900 miliyoni: 525 miliyoni pompopompo, 250 miliyoni pakatha zaka zitatu, ndipo zotsalazo zizidulidwa pang'onopang'ono pa malonda kwa zaka 15. Taganizani, dzina logulidwa madola 500, patatha zaka 90 n'kufika pamenepo! Chidalikweza mtengo n'chiyani? Thukuta la osula a ku Springfield ndi ku Colorado Springs, ndi chikhulupiriro cha makolo amene ankauza ana awo kokagula. Koma ndalamazo zidapita kwa mwini dzina.

Mgwirizanowo udali ndi kamchira kodabwitsa. Sears idaloledwa kupitiriza kugulitsa zida za Craftsman zochokera kwa opanga ake, kwa zaka 15 osalipira kanthu kwa mwini watsopanoyo. Ng'ombe wagulitsa koma mkaka ukukamabe. Zotsatira zake, pamsika padakhala a Craftsman awiri osiyana mimba: wa ku Sears, ndi wa Stanley amene adayamba kupezeka m'masitolo a Lowe's mu 2018. Mu Okutobala chaka chomwecho Sears idakagwada kukhoti kuti yalephera kubweza ngongole, ndipo mu Malichi 2019 Stanley idaisumira chifukwa chodzitcha kwawo kwenikweni kwa Craftsman potsatsa malonda. Masitolo a Sears ndi Kmart, amene pophatikizana paja adali pafupifupi 3,500, lero atsala owerengeka pazala.

Kunena chilungamo, mwini watsopanoyu sadafafanize galanti. Ilipo mpaka pano pa zida zamanja. Koma mphamvu ya lonjezo lakale lija idagona pakhomo. Pafupifupi mzinda uliwonse udali ndi Sears, ndipo mkatimo mudali chikhoma chonse cha masoketi opachikidwa imodziimodzi, saizi iliyonse. Unkalowa ndi yothyoka, n'kutuluka ndi yamoyo, ntchito n'kupitirira tsiku lomwelo. Lero uyenera kupeza sitolo imene ili ndi chida chofanana ndi chakocho, pamene zambiri zimagulitsidwa m'mabokosi a seti yonse, apo ayi uimbe foni n'kudikira positi. Mawu a lonjezo sadasinthe, koma khomo lokagogodapo lidatalikira.

Chinanso n'chakuti masiku ano galanti ya moyo wonse aliyense akupereka. Husky ya masitolo a Home Depot ili nayo, Kobalt ya Lowe's ili nayo, ngakhalenso Pittsburgh ya Harbor Freight, kumene timapita tikaperewera m'thumba, ili nayo. Nanga ngati yodula ndi yotchipa zonse zikulonjeza chimodzimodzi, lonjezolo likukuuzanso chiyani za chitsulo? Palibe. Asanduka masamu chabe. Ngati sipanala yakudyera ndalama zochepa kwambiri poipanga, ukhoza kumupatsa munthu zitatu motsatizana n'kupindulabe, makamaka podziwa kuti ambiri ikathyoka amangoiponya m'bini, alibe nthawi yokaima pamzere. Kale galanti inkatanthauza kuti chida ichi sichithyoka. Lero nthawi zambiri imatanthauza kuti chikathyoka sizitipweteka ife.

Masamu amenewa ali ndi pothera, ndipo ine pothera pake ndimapaona bwino chifukwa cha mwana wa mlongo wanga, amene ndi makaniko ku Biwi, mu Lilongwe. Tikasonkherana kontena ndi Amalawi anzanga kuno, ndimamuikira zida m'mgolo. Tsiku lina pafoni adandifunsa, "Amalume, izi zalembedwa kuti lifetime pakatonipa, moyo wake wa ndani?" Ndidati, "Wako, mphwanga. Ikathyoka ungobwera nayo kuno akusinthira." Iye osachedwa, "Ndiye tikiti ya ndege mundigulira ndinu?" Tidaseka mpaka mayunitsi kutha. Koma funso lake lidali la nzeru. Chida chikangokwera sitima, dzina ndi galanti zimatsala padoko. Chimene chimafika ku Biwi ndi chitsulo chokha, ndipo soketi ikang'ambika masana minibasi ili pajeke, dalaivala sadikira, amakankhira kwa makaniko woyandikana naye.

Mukaganiza bwino, tonsefe tili ngati mphwangayu, ngakhale ife okhala pafupi ndi sitolo. Galanti imabweza chitsulo basi. Siibweza tsiku lotayika, siibweza khungu la zala, siibweza bawuti yodyeka imene uyenera kuiboola ndi dirilo, siibweza kasitomala amene wapita akunena kuti ndiwe wosadziwa ntchito. Kwa munthu womanga shelefu Loweruka kamodzi pachaka, zimenezi n'zazing'ono, ndipo iye agule yotchipa, palibe cholakwika. Koma kwa munthu amene ana ake amadya kuchokera m'bokosi la zida, chida chabwino ndi chimene galanti yake sudzaifuna.

Eni atsopano a Craftsman ankadziwa kuti anthu akulira chitsulo chosulidwa kwawo. Mu Meyi 2019 adalengeza kuti amanga fakitale ku Fort Worth, m'chigawo cha Texas, ya madola 90 miliyoni, yodzalemba anthu 500, kuti masipanala, masoketi ndi ma ratchet a dzinali abwerere kumudzi. Nzeru yake idali yakuti makina amakono, ambiri oyenda okha, agwire ntchito imene kale inkafuna manja ochuluka, kuti mtengo usasiyane kwambiri ndi wa zochokera kunja. Nkhaniyi idakondweretsa anthu zedi. Pagalaja, pamalo omwera khofi, paliponse pokumana amisiri, nkhani idali yomweyi, ati chakale chija chikubwerera.

Mu Malichi 2023 kampaniyo idalengeza kuti fakitaleyo itsekedwa. Anthu ogwira ntchito pamenepo adali 175, osafika ndi theka lomwe la 500 aja. Nyuzipepala ya Wall Street Journal, itafufuza mu Julayi chaka chomwecho, idasimba kuti makinawo ankavuta, zida zina zinkatuluka zopindika kapena zosamalizika, kukonza makina kunkadya nthawi, mliri wa Covid-19 udasokoneza dongosolo, ndiponso anthu ena odziwa bwino ntchito yosula adali atachoka pakampanipo. Zida zochepa zokha ndi zimene zidafika m'masitolo. Kampani yaikulu chotere, ndalama zilipo, dzina lilipo, ogula akudikira ndi ndalama m'manja, koma sipanala, chida chimene agogo awo ankasula popanda kompyuta, idawakanika kutulutsa mochuluka ndi pamtengo umene ankafuna.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pamene makoma a ku Fort Worth ankakwera, moto wa ku Colorado Springs unkazima. Mu 2020 Western Forge, imene idasulira Craftsman kwa zaka zoposa 50, idatsekedwa maoda a dzinali atatha, ndipo anthu pafupifupi 160 adapita kwawo. Uku chipala chokhala ndi anthu chikutsekedwa, uko chipala chokhala ndi makina chikumangidwa. Munthu amene waima pachinyundo zaka 20 amadziwa ndi khutu kuti chikombole chayamba kutha, amadziwa ndi diso kuti moto wapitirira. Nzeru zoterezi sizilembedwa m'mapepala ogulitsira kampani. Zimakhala m'manja, zimachoka kwa wamkulu kupita kwa wophunzira pamene ntchito ikugwirika, ndipo anthuwo akabalalika, wina kukayendetsa lole, wina kukapuma, kuwasonkhanitsanso si ntchito yamasewera.

Nkhani ya Craftsman siili yokha. Ku DeWitt, kamudzi ka anthu mazana owerengeka m'chigawo cha Nebraska, kudali wosula wina wochokera ku Denmark, a William Petersen, amene mu 1924 adalembetsa luso lake la pulayala yoluma n'kudzitsekera yokha, ija timaitcha vayisi giripi. Mudzi wonse unkadya pa Vise-Grip. Dzinalo litadutsa m'manja angapo, lidafika kwa Newell Rubbermaid, imene mu 2008 idatseka fakitale ya ku DeWitt n'kusamutsira ntchito ku China, anthu oposa 300 n'kukhala pansi. Patapita zaka, kampani ya Malco ya ku Minnesota idagula nyumbayo n'kuyamba kusulamo mapulayala a mtundu womwewo pa dzina la Eagle Grip. Amisiri adawayamikira kwabasi, koma mtengo udali wokwera, ndipo mu 2022 Malco idalengeza kuti ikusiya. Apa luso lidalipo, koma dzina lodziwika lija lidali kwa ena, ndipo ogula ambiri amatsata dzina ndi mtengo.

Ndipo inu amene mudaphunzira ukalipentala kapena umakaniko pa vayisi ya buluu yolembedwa Record, yochokera ku Sheffield, dziwani kuti nayonso idayenda njira yomweyi. Dzinalo lidagulidwa ndi Aamerika, lidalowa m'banja la Irwin pamodzi ndi Vise-Grip, ndipo ku Sheffield adaleka kupanga. Mu 2017, chaka chomwe chija cha Craftsman, Stanley Black & Decker idagula Irwin pamodzi ndi zida zina za Newell pa madola 1.95 biliyoni. Choncho maina amene akuluakulu athu ankawatchula mosiyanitsa, ili la Mngelezi, ili la Mwamerika, lero ambiri akugona m'khola limodzi.

Pasakhale wondimva molakwa kuti ndikunyoza dziko la eni. Chitsulo sichidziwa mbendera. Ku Taiwan, makamaka kuzungulira mzinda wa Taichung, kuli osula aluso kwambiri, ndipo ena mwa ma ratchet amene ndimawadalira tsiku ndi tsiku ndi ochokera kumeneko. Fakitale ya ku China imapanga chimene wauza pa mtengo umene walipira: ukafuna chabwino akupangira, ukafuna cha bola chinyezimire akupangiranso. Mlandu uli ndi wooda, amene amakhala muofesi n'kumeta khobidi limodzi pa sipanala iliyonse podziwa kuti dzina limubisa. Dzina likasintha eni, chimene chimasintha kwenikweni ndi munthu ameneyu, wolamula kuuma kwa chitsulo ndi woyesa ngati lamulolo latsatidwa, ndipo wogula samuona.

Ngakhale mbendera yeniyeniyo iyenera kuwerengedwa modekha. Bungwe la boma loona za malonda kuno, la Federal Trade Commission, limati chinthu chilembedwe Made in USA pokhapokha ngati chonse, kapena pafupifupi chonse, chapangidwa m'dziko muno. N'chifukwa chake pa zida zina mumapeza mbendera yaikulu, koma pansi pake timalemba tating'ono toti with Global Materials, kutanthauza kuti zipangizo zake zachokera kwina. Mu 2006 Stanley Works, kholo la kampani ya lero ija, idalipira chindapusa cha madola 205,000 pa nkhani ya ma ratchet olembedwa kuti ndi a ku America pamene mbali ina ya zipangizo zake idali yakunja. Safunsa adadya phula, abale anga, ndipo timalemba tating'ono ndi timene timanena zoona.

Alipo amene akusulabe pakhomo pawo. Channellock, imene idayamba mu 1886, ikupangabe mapulayala ku Meadville m'chigawo cha Pennsylvania, ili m'manja mwa banja lomwelo la DeArment. Wright Tool, ya mu 1927 ngati Craftsman yemwe, ikusulabe masipanala ku Barberton, ku Ohio. Snap-on, imene idayamba mu 1920 ndipo likulu lake lili ku Kenosha, imatumiza galimoto zake m'magalaja sabata ndi sabata, wogulitsa n'kusintha chothyoka pomwepo, ngakhale kuti mtengo wake ndi wolira nawo, moti amakaniko ambiri amalipira pang'onopang'ono ngati ngongole ya feteleza. Chimene ndimaona pa makampani oterewa n'chakuti dzina ndi chipala zili pansi pa denga limodzi. Chida chothyoka chikabwerera, chimabwerera kwa amene adachisula, ndipo pali wina wochita nacho manyazi. Manyazi amenewo ndi amene amakonza chitsulo cha mawa.

Tsono ine ndimatani? Loweruka m'mawa ndimazungulira m'makomo mmene akugulitsa katundu wa munthu amene wamwalira kapena wasamukira kunyumba ya okalamba, kaunjika wa kuno ameneyo. Kugalaja ya nyumba yotere mumapeza amuna atazungulira tebulo, chete, aliyense akutembenuza masipanala kufunafuna ka V kaja kapena WF. M'thumba ndimayenda ndi mabawuti atsopano angapo. Ndimalowetsa sipanala pabawuti kuti ndimve ngati ikugwedera, ndimayang'ana ngati milomo yake ili yolunjika, ngati m'makona mulibe mng'alu, ngati chokutira chake sichikusupuka. Ikapambana mayeso amenewa ndimalipira dola imodzi kapena awiri. Umboni wake ndi zaka 40 zimene yagwira kale ntchito osagonja. Koma mulu umenewu suwonjezereka, chaka chilichonse ukuchepa, ndipo m'badwo ukubwerawu sungadzamange dziko ndi zida za akufa.

Kwa amene mukugula chatsopano, kaya ku Indiana, kaya ku Limbe, mafunso ndi atatu, ndipo dzina silili pa mafunsowo. Adasula ndani, ndipo ndi yemwe uja ankasula kale? Chikathyoka ndikachibweza pakhomo liti, ndipo khomolo ndingalifike ndi miyendo yanga? Ndikachibweza, adzandipatsa chofanana nacho kapena chofanana dzina? Wogulitsa akayamba kukanda m'mutu pa funso loyamba, musamuimbe mlandu, mwina nayenso sadauzidwe. Funsani amisiri amene akuchigwiritsa ntchito chaka chino, osati amene adachigula nthawi ya atate awo, chifukwa mbiri ya dzina imatsalira m'mbuyo zaka zambiri chitsulo chitasintha kale.

Dzina la Craftsman lidasintha eni m'miyezi yosakwana itatu, maloya atasainirana mapepala. Fakitale ya ku Fort Worth idapatsidwa zaka zosakwana zinayi kuchokera tsiku loilengeza kufika tsiku lolengeza kuti itsekedwa. Anthu a ku Springfield ndi ku Colorado Springs adatenga zaka makumimakumi kuti sipanala yawo ifike poti munthu n'kuilonjeza moyo wonse osaopa. Amene akufuna kuti zida zizipangidwanso kwawo, m'dziko lililonse, ayambe awerenga zaka zimenezi, ndipo ngati kwinakwake kudakali chipala chofuka utsi ndi mkulu wodziwa kuviika chitsulo, amutumizire achinyamata moto usadazime.